Msewu wathu uyambire papepala

Mawu amene wapampando wa bodi adayankhula pamwambo wokondwerera kuti kopaletivu yathu yakwanitsa zaka 10



Anzanga amene ayankhula ine ndisanaime afotokoza kale za kumene tachokera: mmene tidayambira pansi pa mtengo ndi kabuku kamodzi, mmene tidagulira sikelo yathuyathu, mmene tidamangira nyumba yosungiramo mbewu mukuionayo. Sindibwerezanso. Ine mundilole ndiyankhule za chinthu chimene chatikanika pa zaka 10 zonsezi. Mwadzera pomwepo m'mawa uno pobwera kuno, ena panjinga, ena wapansi, ndipo fumbi lake likadali kumapazi kwanu. Ndikunena msewu.

Mlimi amadziwa mtengo wa mbewu, wa feteleza ndi wa aganyu. Koma pali mtengo wina umene timalipira chaka ndi chaka osauwerengera. Mukukumbukira chaka chija tidapeza wogula soya wochokera ku Lilongwe, mtengo titagwirizana wabwino ndithu. Mvula idachedwa kusiya. Lole itafika pakhwawa paja, dalaivala adatsika, nayang'ana matope aja, n'kunena kuti, "Abwana, galimotoyi ndi ya eni ake. Katundu wanuyo mubweretse tsidya lino." Tiwerengere limodzi. Lole ya matani 10 imanyamula matumba 200 a makilogalamu 50. Ngolo ikamanyamula matumba 10 paulendo, ndiye kuti maulendo 20. Tidalipira eni ngolo, tidalipira okweza ndi otsitsa kawiri, matumba ena adanyowa, wogula uja nayenso adadulako mtengo chifukwa galimoto yake idagona kuno. Ndalama zonsezo sizidachoke kumwamba ayi. Zidachoka pa bonasi yanu.

Ndipo zimenezo ndi ndalama chabe. Amayi muli panonu mukudziwa za usiku uja tidanyamula mnzanu pamachira, matenda atayamba, chifukwa ambulansi idaima tsidya lija. Aphunzitsi akudziwa kuti mu Januwale ndi Febuluwale ana a kutsidya amajomba mtsinje ukadzaza. Feteleza akachedwa kufika mu Disembala, chimanga sichidikira.

Pamene tinkalakwitsa

Ndivomereze pamaso panu kulakwa kwanga. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti msewu umapemphedwa pamsonkhano. Kukabwera mlendo wamkulu tinkaimika munthu wodziwa kuyankhula, amayi n'kuvina, ife n'kunena kuti, "Bwana, kuno tikufuna phula." Mlendo n'kuvomera, ife m'manja phuphuphu. Magalimoto akapita, fumbi likakhazikika, nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lina titatopa tidanyamuka anthu atatu kupita kukhonsolo ndi kalata. Mkulu wina wa ku ofesi ya mapulani adatilandira bwino, nawerenga kalata yathu, kenaka adatsegula buku lalikulu n'kufufuza dera lathu. Munali mijigo, munali midadada ya sukulu, munali nyumba za aphunzitsi. Khwawa lathu munalibe. Adatifunsa kuti, "Kodi nkhani imeneyi mudaipititsa ku VDC?" Tidangoyang'anana. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ife tinkalira phula la pamsewu, koma chifukwa chosafunsa tidadya phula la m'mwambimo.

Ndiye chimene ndikufuna mupite nacho kwanu lero ndi ichi: msewu umene sudalembedwe m'mapulani a khonsolo, kwa anthu ogawa ndalama msewuwo kulibe. Ngakhale tilire chotani, amamanga chimene chili papepala.

Mmene pempho limayendera

Kuyambira mu 1998, pamene dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ija timati mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuyambira pansi kupita m'mwamba. Kwa gulupu aliyense kuli komiti ya VDC. Komiti imeneyi imasonkhanitsa anthu a m'midzi n'kulemba mavuto awo motsatana, lowawa kwambiri pamwamba. Pepala limenelo ndi lija amati VAP. Mapepala a magulupu onse amakakumana ku ADC, komiti ya dera lonse la Gogo Chalo. Kumeneko amawasefa mothandizidwa ndi ogwira ntchito za boma m'dera lino, a zaulimi, a zaumoyo, a zamaphunziro ndi ena. Zikachoka apo zimapita kuboma, kumene akatswiri a khonsolo, motsogozedwa ndi bwanamkubwa, amaziphatikiza m'buku la mapulani a chitukuko cha boma lonse, lija amati DDP. Ndi buku lomwe lija adatitsegulira. Makhansala ndiwo amalivomereza, limagwira ntchito kwa zaka zingapo, ndipo bajeti ya khonsolo ya chaka chilichonse imayenera kutapa m'menemo.

Mwaona pamene tinkagwera? Tsiku la msonkhano wa VDC ife tinkakhala kudimba kapena kumsika, tikumati zimenezo n'za anthu opanda chochita. Amene adapita adalembetsa zimene zinkawapweteka iwowo, ndipo sadalakwe. Mpando wathu ndi umene udali wopanda munthu.

Chinanso ndi nthawi. Chaka cha boma cha zachuma masiku ano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo bajeti amaikonza kukadali miyezi ingapo Epulo asanafike. Munthu woyamba kudandaula mu Febuluwale, msewu utaduka kale, wachedwa. Pempho lake lidikira chaka chinacho. Nthawi yoyankhula za matope ndi ino ya chilimwe, pamene msewu ukuoneka ngati ulibe mlandu.

Msewu ndi wa yani, nanga ndalama zimachokera kuti?

Misewu ya m'dziko muno ili m'magulu, ndipo zilembo zake mumaziona pazikwangwani. Ya M ndi ikuluikulu ija, monga M1 wochokera kumalire a Songwe ku Karonga mpaka ku Marka ku Nsanje. Pansi pake pali ya S, kenaka ya T, kenaka ya D imene ndi ya m'maboma. Ndiye palinso misewu yambirimbiri ya m'midzi imene ilibe ngakhale nambala. Misewu ikuluikulu imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority. Koma pa misewu ing'onoing'ono ngati wathuwu, ndi tinjira tolowa m'midzi, khomo loyamba kugogoda ndi la khonsolo. Kudziwa gulu la msewu wako n'kofunika, kuopa kukalira maliro pakhomo pa eni ake olakwika.

Ndalama zosamalira misewu zimasonkhanitsidwa ndi bungwe la Roads Fund Administration, makamaka kuchokera pamsonkho umene uli pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, komanso pazipata zolipiritsa magalimoto za pa Chingeni ku Ntcheu ndi pa Kalinyeke ku Dedza. Apa mumvetse bwino. Mukakwera kabaza wa njinga yamoto, mukagayitsa pachigayo cha dizilo, mukalipira lole yonyamula mtedza wanu, mwasonkha nawo m'thumba limenelo. Choncho tikamapita kukafunsa za msewu tisamapite mwamanyazi ngati opemphetsa. Tipite mwaulemu, koma ngati anthu amene adaponyapo kangachepe.

Komabe tinene zoona. Misewu yolembedwa m'kaundula wa boma ndi yotalika makilomita opitirira pang'ono 15,000, ndipo pa makilomita anayi alionse, ya phula ndi imodzi yokha kapena kuposerapo pang'ono. Pamzere wodikira phula tilipo ambiri. Kukhonsolo kwakhala kuli matumba ena a chitukuko: la DDF, la CDF limene lidayamba mu 2006, ndi ndalama za GESD zochokera ku World Bank, zimene khonsolo imalandira molingana ndi mmene yayendetsera ntchito zake. Matumba amenewa akulimbiranidwa ndi sukulu, zipatala, misika ndi mijigo ya boma lonse. N'kovuta kuti athire phula makilomita ambirimbiri. Koma kalavati angamange. Mlatho waung'ono angamange.

Tipemphe chiyani choyamba?

Mdani wamkulu wa msewu si lole, ndi madzi. Madzi saiwala khwawa. Mukapanda kuwapatsa njira, amatenga msewu womwewo kukhala njira yawo. Msewu wabwino wa dothi umakhala ndi msana pakati, ngati mzere wa m'munda, kuti mvula ikagwa madzi atsetserekere m'mbali. M'mbalimo mumakhala ngalande, ndi tingalande tina topatuka totayira madzi kutchire asanachuluke mphamvu. Pamene madzi ayenera kudutsa kupita mbali ina pamakhala kalavati. Gireda ikangopala msewu n'kuusiya uli fulati, kapena pakati pali pokumbika, mvula ziwiri zokha msewu wasanduka mtsinje.

Tsono taganizani za msewu wathuwu kuchokera pa tauni mpaka pano. Kodi umaduka ponseponse? Ayi. Malo ovutitsa mukhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi: pakhwawa paja, padambo, ndi pachitunda choterera chija. Kwina konseko galimoto imadutsa, ngakhale mogwedezeka. Tikalemba kuti "tikufuna phula", pempho lathu lidzaikidwa pamulu wa zinthu zodikira ndalama zambiri. Koma tikalemba kuti pakhwawa lakutilakuti pakufunika mlatho wapansi wa konkire, uja madzi akachuluka amadutsa pamwamba kenaka n'kuphwa, padambo pakufunika kukweza msewu ndi kuika makalavati, pachitunda pakufunika kuthira dothi la miyala n'kulitsendera, pempho lotere injiniya akhoza kuliyeza, kuliwerengera mtengo, n'kulipezera malo mu bajeti ya chaka chimodzi. Malo atatuwo akakonzedwa, lole idzafika pakhomo la nyumba yathu yosungiramo mbewu chaka chonse.

Musandimve molakwa, phula sitikulikana. Lilembedwe ndithu m'mapulani, likhale pamzere. Masiku ano kuli ngakhale phula lopepukirapo limene mainjiniya amathira m'misewu ya kumidzi imene magalimoto sachuluka, losadula ngati la pa M1. Koma phula lililonse limagona pamwamba pa dothi lotsenderedwa bwino ndi ngalande zogwira ntchito. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa kuchigawo cha kummwera kuja kuti madzi akakwiya amadula ndi msewu wa phula womwe, milatho n'kupita nayo. Ndiye makalavati ndi ngalande zimene tikupempha lero si zotaya. Ndi maziko a phula la mawa.

Tisaiwale oyenda pansi

Tsiku la msika mudzaime pamsewupa kwa ola limodzi muwerenge odutsa. Magalimoto adzakhala angati? Nanga amayi osenza madengu, ana a sukulu, anyamata a kabaza, njinga zonyamula matumba, ngolo? Msewu uno eni ake enieni ndi anthu oyenda ndi miyendo ndi apanjinga. Koma tikamakamba za msewu timangoganiza za galimoto, imene ambirife tilibe.

Pali kanjira kachidule kaja ana amadzera popita kusukulu, kamene amayi amadzeranso popita kusikelo ndi kuchigayo. Sikali pamapu alionse, koma kamadutsa anthu ambiri kuposa msewu weniweniwu. Pamtsinje pali ulalo wa mitengo iwiri umene timaumanganso chaka chilichonse madzi akautenga. Mlatho wa anthu oyenda pansi ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi wa magalimoto. Nawonso ulembedwe mu VAP, pawokha, ndi dzina la malo ake. Ndipo polemba tinene kuti ukhale wotakata moti njinga yonyamula thumba idutse, ukhale ndi zogwirira m'mbali chifukwa cha ana ndi agogo athu, ndipo pokwerera pake pakhale potsetsereka, osati masitepe, kuti mnzathu woyenda panjinga ya aulumali asamachite kunyamulidwa.

Nanga tsiku limene phula lidzabweredi? Walira mvula walira matope. Msewu ukasalala magalimoto amathamanga, ndipo m'dziko muno ambiri mwa anthu amene amafa pangozi za pamsewu ndi oyenda pansi ndi apanjinga. Funsani anzathu okhala m'mphepete mwa misewu ya phula akuuzeni maliro amene alira. Choncho mainjiniya akadzabwera kudzayeza, tisadzangovina. Tidzafunse msewu ukadali papepala. Kodi m'mphepete mwasiyidwa malo okwanira oti munthu ndi njinga ayende osapikisana ndi lole? Kodi pamlatho pali kanjira ka oyenda pansi? Pasukulu, pachipatala ndi pamsika pali mahampu, zikwangwani ndi malo owolokera? Minibasi ndi malole zidzaima pati? Ngalande zakuya zikadutsa pamakomo, tidzaoloka bwanji kulowa m'nyumba zathu? Ng'ombe ndi ngolo zidzadutsira pati? Zinthu zimenezi n'zosavuta kuonjezera pamene akujambula. Kontilakita akasainira ntchito n'kuyamba kukumba, yankho limakhala lakuti ndalama zake palibe.

Zala zina zikuloza ife tomwe

Pamaso pa mafumu athu ndinene zimene timachita tokha. Ndani amalima mpaka m'ngalande ya msewu pofuna kuonjezera mizere iwiri? Ndani amatseka kangalande kotaya madzi poopa kuti alowa m'munda mwake, madziwo n'kubwerera kukakumba msewu? Ndani amakumba mchenga pansi pa mlatho, kapena kuumba njerwa m'mphepete mwenimweni mwa msewu? Kalavati ikadzaza mchenga ndi mapesi timaiyang'ana n'kumati abwera a boma. Si alendo amachita zimenezi. Ndife.

Msewu uliwonse uli ndi malo ake mbali zonse ziwiri, amene lamulo lidaupatsa. Tisamangemo mashopu kapena nyumba poganiza kuti tidzalandira chipukutamisozi. Mikangano ya malo imachedwetsa ntchito, ndipo ndalama zikadikira nthawi yaitali zimatha kupita kwa anzathu amene adakonzeka. Achikulire muli pano mudagwirako ntchito za MASAF, mukudziwa kusema ngalande ndi kuumba msana wa msewu ndi khasu. Luso limenelo lisafe nanu. Vetiva amene timadzala m'migula ya m'minda yathu akhoza kugwiranso dothi m'mphepete mwa msewu ndi pamilomo ya makalavati.

Zimene bodi ikupempha

Choyamba, kopaletivu ili ndi chida chimene ambiri opempha misewu alibe. Tili ndi mabuku a zaka 10. M'menemo muli matumba a soya, mtedza ndi chimanga amene adatuluka chaka chilichonse, feteleza ndi mbewu zimene zidalowa, ndi ndalama zimene tidalipira ngolo pamene lole idalephera kufika. Alembi athu atulutse zimenezi papepala limodzi losavuta kuwerenga. Munthu wonena kuti "tikuvutika" ndi munthu wobwera ndi mawerengero salandiridwa mofanana. Tipemphenso a sukulu ndi a kuchipatala atithandize ndi zimene iwo amalemba, za ana ojomba m'dzinja ndi za odwala ofika mochedwa.

Chachiwiri, kalabu iliyonse isankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene sadzaphonya msonkhano wa VDC wa kwa gulupu wawo. Tili ndi mamembala m'magulupu angapo. Khwawa limodzi lomwelo likatuluka pamwamba m'mapepala a magulupu onsewo, a ADC sangalilumphe. Pofika masankho a makomitiwa, ena mwa inu muimire. Amayi makamaka, chifukwa njira za kuchigayo, kumjigo ndi kuchipatala mumazidziwa ndinu.

Chachitatu, m'dzinja likubwerali, mvula ili pakati, tidzayende msewu wonsewu wapansi pamodzi ndi mafumu ndi a khansala, ndipo tidzaitane a ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo. Achinyamata muli ndi mafoni mudzajambule malo onse oduka ndi pamene madzi amafika. Injiniya wobwera mu Seputembala amaona khwawa louma, sangadziwe kukula kwa kalavati yofunika pokhapokha titamuonetsa.

Chachinayi, ntchito ikadzapatsidwa ndalama tisadzagone. Pakhale komiti ya anthu a konkuno yoyang'anira ntchitoyo, idziwe ndalama zake, nthawi yake, ndi kuchuluka kwa simenti ndi zitsulo zimene zidalembedwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye kufunsa mapepala amenewa si chipongwe. Mlatho womangidwa ndi simenti yochepa umagwa ndi mvula yoyamba, ndipo kubwereranso pamzere kumatenga zaka.

Chomaliza, tisadikire zonsezi kuti tigwire khasu. Mu Okutobala, mvula isanayambe, kalabu iliyonse itenge chigawo chake cha msewu, isese ngalande ndi kutsegula makalavati amene alipo kale. Mafumu athu, pamenepa tidalira mawu anu.

Mamembala anzanga, zaka 10 zapitazo aliyense ankagulitsa yekha kwa mavenda, pasikelo imene sankaikhulupirira. Tidaphunzira kuti tikaika matumba athu pamodzi, wogula amabwera yekha ndipo amatimvera. Mawu athu pa nkhani ya msewu tiwaike pamodzi chimodzimodzi, tiwapititse pakhomo loyenera, pa nthawi yoyenera, atalembedwa. Sindingakulonjezeni kuti pofika chikondwerero china phula lidzakhala litafika, chifukwa thumba lake sindisunga ine. Chimene tingathe ife n'chakuti tsiku lina wina akadzatsegulanso buku lalikulu lija kukhonsolo, adzapezemo khwawa lathu, dambo lathu, chitunda chathu ndi mlatho wa ana athu.

 Muyende bwino pobwerera, ndipo pofika pakhwawa paja muime pang'ono, mupayang'anitsitse.